Ambulansi ku Al Muntazah, Wodwala ku Onaiza

Pali zinthu zimene munthu amazimvetsa atakhala pa mpando, kapu ya tiyi ili m'manja, ndipo pali zina zimene amazimvetsa pokhapokha atagona chagada pa matailosi, buluku lili lonyowa. Nkhani ya matelefoni a mu ofesi ine ndinaimvetsa mwa njira yachiwiriyi. Ndikuilemba nditakhala pa mpando wathabwa, pilo ili kumsana, chifukwa kuyambira tsiku limenelo mipando yofewa ndi ine sitimwerana madzi.

Ndimagwira ntchito ku Doha, pa kampani ina yosamalira ndi kuyeretsa nyumba zikuluzikulu. Likulu lathu lili ku Al Muntazah, m'nyumba yakale ya makonde opanikiza, pamwamba pa sitolo yogulitsa zipangizo za mipope. Ine ndine woyang'anira za mu ofesi: makalata, makiyi, mapepala a antchito, ndi china chilichonse chimene bwana sakufuna kuchiganizira. Ndili ndi dipuloma ya kayendetsedwe ka bizinesi, imene ndinaivutikira ku Blantyre ndipo ndinaipachika pakhoma kumbuyo kwa desiki yanga. Amalawi anzanga pa kampanipo amanditcha a Ndondomeko. Kwa nthawi yaitali ndinkaganiza kuti ndi ulemu.

Chaka chatha kampani inapeza ntchito zingapo m'nyumba zazitali za ku Onaiza, ndipo bwana anaganiza zotsegula kaofesi komweko, kuti antchito asamadutse mzinda wonse pongofuna sopo ndi makiyi. Ntchito yosamutsa katundu inagwera ine. Pa katunduyo panali matelefoni awiri a pa desiki.

Matelefoni athu si a mawaya akale aja. Amayendera intaneti. Ukhoza kuizula foni ku Al Muntazah, n'kukailumikiza ku Onaiza, ndipo imadzuka ndi nambala yake yomweyo ngati sinasamuke n'komwe. Ine ndinaona kuti chimenechi ndi chitukuko. Katswiri amene amatikonzera matelefoniwa, bambo wina wa ku Kerala ku India wolankhula mofulumira ngati akuthamangitsidwa, anaona kuti ndi vuto.

"Bwana, mvetserani," anandiuza m'Chingerezi, atagwada pansi pa desiki, waya uli m'manja. "Foni iyi sikudziwa kuti yasamuka. Munthu akaimba 999 kuchokera pano, a zangozi adzaona nambala ya ku likulu ndi keyala ya ku Al Muntazah. Ikaduka, iwo n'kuimbanso, idzalira ku likulu, osati pano. Komanso makina anu amafuna kuti munthu ayambe wadina 9 asanaimbe kunja, ndipo munthu amene zamuthina sakumbukira 9. Ndipatseni keyala yeniyeni ya chipinda chino, ndikonze zonsezi lero lomwe."

Ndinalingalira, monga mwa chizolowezi changa. Choyamba, eni nyumba anali asanatsimikize ngati tikhala m'chipinda chimenecho kapena choyandikana nacho, chimene chinali ndi zenera lalikulu. Chachiwiri, kulembetsa keyala lero n'kudzaisinthanso mawa ndi kugwira ntchito kawiri, chinthu chimene kusukulu tinaphunzira kuti ndi chiswe cha kampani iliyonse. Chachitatu, mu ofesi mmene muli madesiki awiri ndi kabati imodzi, ngozi ingachokere pati? Nditaika zonsezi pa sikelo, ndinamuyankha ndi mawu amene ndinatolera kwa bwana.

"Bukra, inshallah."

Bukra ndiye kuti mawa. Aliyense amene wakhalako ku Doha amadziwa kuti mawa ameneyu sapezeka pa kalendala. Katswiriyo anandiyang'ana, anagwedeza mutu mwa kwawo (kagwedezedwe kamene mpaka lero sindidziwa ngati ndi kovomera kapena kokumvera chisoni), natenga chikwama chake.

Tsiku la ngoziyo linali Lachisanu, m'nyengo yotentha ija imene ngakhale amphaka a mumsewu amakana kuponda phula. Kuno Lachisanu ndi Loweruka ndi masiku opuma. Ntchito imayamba Lamulungu. Titachoka ku mzikiti, anzanga amene timagona nawo nyumba imodzi ku Rawdat Al Khail anapita kukagona, monga amachitira anthu anzeru. Ine ndinakwera takisi wa ku Onaiza osauza aliyense. Cholinga changa chinali chakuti bwana akadzafika Lamulungu adzapeze chilichonse chili pamalo pake, ndipo adzadzifunse yekha chamumtima kuti kodi kampaniyi ikanakhala pati popanda munthu uyu.

Ndinalowa, n'kukhoma chitseko (munthu akakhala yekha mu ofesi amakhoma, lamulo limeneli ndinalemba ndine). Makina oziziritsa mpweya a pansanjika yathu amazimitsidwa pa masiku opuma, choncho m'chipindamo munali ngati mu uvuni wa buledi. Foni yanga ya m'manja inali pafupi kuzima, ndipo ndinaitchajitsa pamwamba pa kabati, pamene panali soketi yokhayo yopanda kanthu. Ndinakonza madesiki. Ndinandandalika mafayilo motsatira zilembo. Chinatsala n'chimodzi: kukweza chigubu cha madzi akumwa pa makina ake.

Zigubu zimenezi ndaziona zikunyamulidwa ndi anthu ochepa thupi kuposa ine. Kanyamulidwe koyenera ndimakadziwanso, popeza ndine amene ndinamata pakhoma la ku likulu chithunzi chophunzitsa antchito kuti ponyamula katundu munthu azipinda mawondo, osati msana. Ndinachotsa chitsekerero, ndinapinda msana, ndinanyamula.

Sipanamveke phokoso lililonse. Ndinangomva ngati wina wandikhoma msomali wamoto m'chiuno, miyendo n'kungoti lefu. Chigubu chinagwera uko, ine ndinagwera kuno. Chinagubuduka pang'ono, n'kuyamba kukhuthula madzi mosafulumira, gubu, gubu, gubu. Pansi pa nyumba zatsopano sipakhala posalazika monga eni ake amanenera, ndipo madzi onsewo anatsetsereka molunjika pamene ndinagona.

Ndinayesa kudzuka. Msana unandiuza kuti nkhani imeneyo tisaiyambe. Ndinayesa kutembenuka, yankho linali lomwelo, koma mokweza mawu. Pamenepo ndinangogona phee n'kuyamba kuunika mmene zinthu zinalili, chifukwa mutu wokha ndi umene unali ukugwirabe ntchito. Chitseko chinali chokhoma. Pansanjika yonse panalibe munthu. Palibe amene ankadziwa kumene ndinali. Madzi akumwa onse anali m'buluku ndi m'malaya anga. Munthu woyamba kutsegula chitseko chimenecho akanadzabwera Lamulungu m'mawa, ndipo m'kutentha kumeneko sindinali wotsimikiza ngati akanadzapeza woyang'anira za mu ofesi kapena nsomba yowamba.

Foni ya m'manja ndinkaiona pamwamba pa kabati, kanyali kake kakuthwanima. Inali kutali ngati kwathu ku Machinga. Yapafupi inali ya pa desiki. Ndinayamba kudzikoka ndi zigongono, pang'onopang'ono, ndikusiya mzere wa madzi m'mbuyo ngati nkhono. Akuluakulu anati zengerezu adalinda kwawukwawu. Mwambi umenewu ndinauphunzira ku pulayimale, ndinaulembera mayeso n'kukhoza, koma palibe mphunzitsi amene anandiuza kuti kukwawako n'kwenikweni.

Ndinagwira waya wopotana wa chomvera, n'kukoka. Foni inagwa pafupi ndi khutu langa, pamodzi ndi rula ndi zolembera. Ndinadina 999.

Kunali zii. Makina anatenga 9 woyambayo ngati pempho lotulukira kunja, n'kumadikira kuti ndimalize nambala yoyamba ndi 99. Anadikira moleza mtima, inenso ndinadikira moleza mtima, mpaka anandilizira kamluzu kosonyeza kuti atopa nane. Apo m'pamene ndinakumbukira gawo limodzi la mawu a bambo wa ku Kerala. Ndinadina 9 kanayi.

Anayankha mayi a mawu odekha, poyamba m'Chiarabu, kenako m'Chingerezi. Anafunsa kuti vuto n'chiyani ndipo ndili kuti.

Pano ndiyenera kudziteteza pang'ono. Ine ndinaleredwa kuti nkhani imayambira pachiyambi. Munthu sufika pakhomo pa eni ake n'kungofuula kuti msana. Umapereka moni, umadzitchula, kenako umafotokoza chimene chakuyendetsa. Ndinawapatsa moni mayiwo. Ndinawauza dzina langa, dziko langa ndi udindo wanga. Kenako ndinayamba kufotokoza kuti kampani yathu, itaona kuchuluka kwa ntchito m'miyezi yapitayi, inaganiza zotsegula nthambi.

"Bambo, mwavulala?" anandidula.

"Pang'ono," ndinatero. (Mmalawi akati pang'ono, ndiye kuti zafika poipa. Koma mayiwo sanali Mmalawi.)

"Mukutha kuyenda?"

"Pakadali pano, ayi. Ndi msana."

"Mukupuma bwino? Mukutuluka magazi?"

"Kupuma ndikupuma. Magazi palibe, koma pali madzi ambiri."

"Musasunthe. Khalani pa foni. Ikaduka ndikuimbiraninso pa nambala yomweyi. Ndikuona kuti nambalayi ndi ya kampani ya ku Al Muntazah. Ndi zoona?"

Funso limeneli ndalibwereza m'mutu mwanga kambirimbiri, ndipo ndikuumirirabe kuti ndinayankha zoona. Nambalayo inalidi ya kampani ya ku Al Muntazah. Sanandifunse ngati thupi langa linali komweko.

"Ndi zoona," ndinatero. "Komabe, monga ndimafotokozera..."

Pofuna kutsindika mawu akuti komabe, ndinakweza chala, monga ndimachitira pa misonkhano. Msana unalumpha, chigongono chinakankha foni, ndipo waya wa intaneti, umene unali utakokeka kale, unazuka. Mafoni amenewa amalandira magetsi kudzera m'waya womwewo. Kagalasi kake kanati bii.

Wayawo unagwera kuseri kwa mwendo wa desiki, pamtunda woti munthu wabwinobwino angangotambasula dzanja. Ine ndinauwedza ndi rula, kwa nthawi imene sindikufuna kuiyerekeza. Ndili pa ntchito imeneyo, foni ya m'manja inayamba kulira pamwamba pa kabati. Inalira, inasiya, inaliranso. Foni yanga imanjenjemera ikamalira, ndipo ndinayamba kuyembekezera kuti mwina idzisuntha yokha mpaka kugwera pansi. Inasuntha ndithu, koma molowera kukhoma.

Nditaubwezera waya, foni ya pa desiki inayamba kudzuka monga amadzukira mafoni amenewa: kuonetsa dzina la amene anaipanga, kufufuza intaneti, kusinkhasinkha za moyo wake. Itadzuka, ndinakumana ndi funso lofunika kulilingalira mofatsa. Ndiimbenso kapena ndidikire? Ndikaimbanso, mwina iwonso akhala akundiimbira nthawi yomweyo, n'kuphonyana. Komanso mwina atumiza maambulansi awiri kwa munthu mmodzi, pamene wina kwinakwake akuifunitsitsa kuposa ine. Ndikadikira, ndiye kuti ndikutsatira malangizo, popeza mayiwo ananena okha kuti aimbanso. Ndinadikira. Zoti kuimbanso kwawoko kukalira ku Al Muntazah ndinali nditauzidwa momveka bwino, ndi munthu wogwada pansi pa desiki yomweyo, koma ululu uli ndi kasankhidwe kakekake ka zimene munthu akumbukire.

Dzuwa linafika pa zenera n'kundipeza. Kukhosi kunauma. Madzi a pa matailosi anali atayamba kale kuuma m'mbalimbali, ndipo ine ndinayamwa kolala ya malaya anga (ndikulemba zimenezi kuti mudziwe pamene ndinafika). Ndinaganizira za akazi anga ku Machinga, ndi mmene uthenga ukanawafikira. Anthu ena amamwalira kunja kuno atagwa pa nyumba zazitali, ena pa ngozi za pamsewu. Ine akanati chiyani? Kuti malemu analimbana ndi chigubu, chigubu n'kupambana?

Kenako foni inalira. Ndinaitola ndi chimwemwe, n'kukonza Chingerezi changa cha pa misonkhano.

"Zikomo kwambiri poimbanso, mayi. Monga ndimanena..."

"A Ndondomeko!" Mawuwo anali a Chichewa, onong'ona. "Ndinu? Alhamdulillah. Ya m'manjayo simukuyankha bwanji?"

Anali Abiti Jafali. Mayi amenewa ndi a ku Mangochi, aakulu kwa ine, ndipo amayang'anira amayi athu oyeretsa m'mahotela. Pa masiku opuma ku likulu kumatsala munthu mmodzi woyankha foni, ndipo Lachisanu limenelo linali lawo. Atalephera kundipeza pa ya m'manja, anayesa nambala ya m'kati ya ofesi yatsopano, podziwa kuti mwamuna amene akazi ake ali ku Malawi ndipo chibwenzi chake ndi mafayilo sangapezeke kwina pa tsiku lopuma.

"Mayi, ndithandizeni, ine..."

"Khalani chete, mumve kaye. Musabwere kuno. Mwamva? Kumene muliko khalani komweko, kapena mukabisale kwa anzanu. Akukufunani."

"Ndani?"

"A boma! Ayamba ndi foni. Akuti pali mwamuna wa ku Malawi, dzina lanu lonse, mpaka udindo. Ine ndati pepani, mwasokoneza nambala. Aimbanso. Ndati kuno Mmalawi mafi, kulibe, khalas, basi. Posakhalitsa ndangoona galimoto ya malaiti yaima panja, anthu a yunifolomu akukwera masitepe, atanyamula machira. Machira, a Ndondomeko! Mwapalamula chiyani choti akutengereni pa machira? Kapena bataka yanu inatha, inu osatiuza?"

"Chitupa changa chili bwinobwino. Mwawauza chiyani?"

"Ndawauza kuti sindikukudziwani. Atcheka zipinda zonse, mpaka kuchimbudzi. Andionetsa dzina lanu pa kakompyuta kawo, ine maso gwa, ndati munthu ameneyu sindinamuonepo chibadwire. Dipuloma yanu ija ya pakhoma ndaibisa m'kabati ya sopo asanalowe. Musaope, achimwene, sanapeze kanthu."

Ndinatsinzina. Mayiwa sindingawadzudzule, ndipo sindinawadzudzulepo. Kuno, Mmalawi akamva kuti anthu a yunifolomu akufunsa za Mmalawi mnzake, amayamba wakana, mafunso pambuyo. Timafungatirana chomwecho, ngakhale amene mapepala ake ali bwinobwino, chifukwa munthu sudziwa chimene mnzako wakumana nacho, ndipo n'kosavuta kupepesa kwa m'bale amene wamubisa popanda chifukwa kusiyana ndi kupepesa kwa ana ake atamukweza ndege. Pamwamba pa mwambo umenewu, ine ndinali nditawonjezerapo lamulo la ofesi, lakuti woyankha foni asapereke za wantchito aliyense kwa munthu wosamudziwa. Abiti Jafali anasunga mwambo ndi lamulo lomwe, mokhulupirika.

"Mayi," ndinatero, "ambulansi imeneyo ndaitana ndine."



"Mwaitana ndinu."

"Ndagwa. Msana. Ndili pansi kuno ku Onaiza, sindingathe ngakhale kutembenuka."

"Nanga mwaiitanira kuno bwanji, inu muli uko?"

"Nkhani yake ndi yaitali. Pamene tinkasamutsa matelefoni..."

"Astaghfirullah, musayambe! Ine mzimayi wamkulu ndalumbira pamaso pa anthu a boma kuti sindikukudziwani, ndiye mukufuna ndikawauze kuti ndangokumbukira kumene?"

"Akadalipo?"

"Akulowa m'galimoto."

"Mayi, chonde, thamangani."

Sanathamange. Mawondo awo ndi masitepe a ku Al Muntazah amadziwana bwino. Ndinamva chomvera chikugwera pa tebulo, zenera likutseguka, kenako mawu amene ndikukhulupirira kuti anamveka mpaka ku msewu waukulu. Ankafuula m'Chichewa, m'Chingerezi ndi m'Chiarabu mosakaniza, koma mfundo yake inali imodzi: bwererani, yalla, fulumirani, ndikumudziwa, ndi mchimwene wanga, ndimamudziwa kuyambira kalekale.

Patapita nthawi, pa foni panabwera mmodzi wa a ambulansi aja, mwamuna wa mawu otopa, amene anali atakwera masitepe aja kachiwiri.

"Bambo, muli kuti? Musandiuze china chilichonse. Muli kuti?"

"Ku Onaiza."

"Nambala ya nyumba, ya msewu, ya dera."

Nyumba iliyonse kuno ili ndi kachikwangwani kabuluu pakhomo, kolembedwa manambala atatu amenewa. A ku Al Muntazah ndimawadziwa pamtima, chifukwa ndimawalemba pa makalata tsiku ndi tsiku. Kachikwangwani ka ku Onaiza ndinali nditakadutsa kambirimbiri, ndipo chimene ndinkadziwa za iko n'chakuti n'kabuluu.

"Ndi nyumba yaitali ya magalasi," ndinatero, "pafupi ndi mzikiti."

Anapuma mozama. "Bambo, mwafotokoza theka la mzinda uno."

Kwathu munthu amalondolera mlendo ndi chigayo, mjigo ndi mtengo wa mango, ndipo mlendoyo amafika osafunsanso. Ndinafufuza m'mutu mwanga chigayo cha ku Onaiza. Ndinamuuza kuti pansi pa nyumbayo pali sitolo ya mankhwala ndi malo ochapira zovala, kuti moyang'anana nayo pali mpanda wautali wokhala ndi mbendera ya dziko lina, ndipo mitundu ya mbenderayo ndinaitchula. Ndinamva akufunsana ndi mnzake. Kenako anati akuidziwa. Nsanjika ndi nambala ya chitseko ndinazitchula mosakayika, popeza ndine amene ndinakadulitsa makiyi.

"Musaike foni pansi," anatero. "Ndipo musakwezenso chilichonse."

Abiti Jafali anatsala nane pa foni kwa kanthawi, akundifunsa ngati ndadya, kenako anati akukwera takisi. Ndinawauza kuti lamulo silikulola kusiya likulu lopanda munthu. Yankho lawo sindililemba.

Ndinamva lifiti ikutseguka, mapazi m'khonde, ndi mawu a mlonda wa nyumbayo akulonjeza kuti ali ndi kiyi wotsegula zitseko zonse. Analidi naye. Koma kiyi wanga ndinali nditamusiya m'chitseko, m'kati, ndipo wa mlondayo anakana kulowa. Anayesa, anagwedeza, anandifunsa mofuula ngati ndingathe kufika pachitseko n'kumuzula. Ndinayang'ana mtunda wake, ndipo kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo ndinapereka yankho la liwu limodzi. Anakatenga zitsulo, nachotsa loko yense.

Analowa anthu anayi: a ambulansi awiri, mlonda, ndi Abiti Jafali, amene anali atawapeza pakhonde. Onse anaima n'kundiyang'ana. Pofika nthawiyo matailosi anali atauma chifukwa cha kutentha. Malaya anali atauma. Chimene chinatsala chonyowa chinali buluku lokha, kuyambira m'chiuno mpaka m'mawondo.

"Ndi madzi akumwa," ndinatero asanafunse. "Chigubu ndi icho."

"Mafi mushkila," anatero mmodzi wa a ambulansi, kutanthauza kuti palibe vuto, ndi mawu a munthu amene wamva zifukwa zamitundumitundu pa ntchito yake. "Zimachitika."

"Ayi, sizinachitike. Mukaona mmene pansipa pakutsetserekera..."

"Musadandaule, achimwene," anatero Abiti Jafali, akundifunditsa mpango wawo wapaphewa. "Ine sindikauza munthu."

Dzuwa lisanalowe, Amalawi onse a ku Rawdat Al Khail anali atamva, ndipo mauthenga opepesa amene ndinalandira sankatchula za msana.

Kuchipatala anandiika madzi a m'botolo, anandibaya jakisoni, ndipo adokotala anati mnofu wa msana unakokeka kwambiri, komanso thupi linali litayamba kutha madzi. Anandifunsa kuti n'chifukwa chiyani thandizo linachedwa chotero. Ndinawayang'ana, ndinaganizira kutalika kwa yankho loona, n'kungoti ndinalakwitsa keyala. Lamulungu bwana anafika ku ofesi yatsopano monga ndinakonzera. Anapeza chitseko chopanda loko, mafayilo a pansi atafufuma, ndi chigubu chopanda madzi pakati pa chipinda. Ndikukhulupirira kuti anadzifunsadi za kampaniyo ndi ine, ngakhale funsolo silinali m'mawu amene ndinkayembekezera.

Katswiri wa matelefoni ndinamuimbira ndili chigonere. Sananene chilichonse chondikumbutsa za kale, chimene chinandipweteka kuposa akanandinyoza. Lero munthu akadina 999 pa foni iliyonse ya kampani yathu imalowa yokha, a zangozi amaona keyala ya kumene foniyo ili, ndipo akaimbanso imalira foni yomwe yaimbayo. Manambala a kachikwangwani kabuluu ndinawamata pa foni iliyonse. Ntchito yonseyo inamutengera nthawi yochepa kuposa imene ndinatha ndikuwedza waya ndi rula. (Ndionjezere kuti pambuyo pake eni nyumba anatisamutsiradi m'chipinda cha zenera lalikulu chija, ndipo keyala tinaisinthanso. Choncho pa mfundo ya kugwira ntchito kawiri ndinali wolondola. Palibe amene wafuna kumva zimenezi.)

Masiku amene ndinagona chagada ndikuyang'ana denga ndinali ndi mpata wokwanira wofufuza gwero la vuto lonse. Ndinapeza kuti silinali chigubu, silinali foni, ndipo silinali Abiti Jafali. Pa sitepe iliyonse panali funso lalifupi lofuna yankho lalifupi, ndipo ine ndinkalipatsa mawu oyamba, thunthu ndi mawu omaliza. Ndinatsimikiza mumtima kuti kuyambira pamenepo, munthu akandifunsa kuti inde kapena ayi, ndizisankha chimodzi.

Abiti Jafali anabwera kudzandizonda ku Rawdat Al Khail, atanyamula mpunga wa nkhuku m'kontena. Anzanga a m'nyumba anawapatsa mpando wokhawo wabwino, iwo n'kuima m'mbali mwa khoma kuti asaphonye kalikonse. Titapatsana moni, mayiwo anandiyang'ana mosaseka.

"Achimwene, ine ndikufuna ndimve bwinobwino, kuti tsiku lina ndisadzachitenso manyazi pa zenera. A yunifolomu akadzaimbanso kufunsa za inu, ndidzati ndikukudziwani kapena ayi?"

Ndinaona kuti linali funso labwino, loyenera kuyankhidwa mokwanira. Ndinakonza pilo.

"Zikutengera, mayi. Tiyenera kuyamba tasiyanitsa mitundu ya oimba. Choyamba, ngati woimbayo wadzitchula yekha, ndipo nkhani yake ikukhudza..."

Anadzuka, anakonza mpango wawo, natola chikwama.

"Khalas," anatero ali pakhomo. "Sindikukudziwani."